Mapindidwe

Bambo anga, Pyo Man-sik, anasita zovala zaka makumi atatu
m'kasitolo kopanikizika kuseri kwa siteshoni ya Daejeon.
Ankati nsalu siiwala:
ukaipinda molakwika kamodzi,
mawa imabwerera yokha m'khwinya lomwelo.

Ine ndimagwira ntchito pansanja yachinayi,
m'chipinda chimene fumbi sililoledwa kulowa,
nditakutidwa zoyera, maso okha pamtunda.
Pa kagalasi kosafika ndi chikhadabo chomwe
tagoneka ulusi wa kaboni,
wowonda moti tsitsi langa pambali pake ndi chipika.
Pa ulusiwo tamangirira puloteni imodzi.
Imodzi yokha, yomangidwa mwendo,
ikusambira m'kadontho ka madzi a mchere.

Palibe diso loiona ikudzinyolola.
Koma magetsi oyenda mu ulusi amaimva:
ikafunyulula thupi, amachepa,
ikadzikunga, amawonjezeka pang'ono,
ndipo mzere wobiriwira pa sikirini umakwera, n'kutsika,
ngati mapazi a munthu wosagona
m'nyumba ya pamwamba pako.

Umo ndi mmene mapepala amanenera.
Ife miyezi isanu ndi iwiri tinkangokolola phokoso.
Ok Tae-gon ankati vuto ndi chikepe cha m'khonde,
tsiku lina n'kuti ndi firiji,
kenako n'kuti ndi ine, ndimapuma mokweza.
Tinakulunga makina m'bokosi la mkuwa.
Tinatentha maulusi makumi anayi ndi awiri,
ndinkawawerenga pachikuto cha kope.
Mapeto ake unali mchere:
unachuluka, n'kuunjikana pa ulusi
ngati khamu lotsekereza mwana amene akuyankhula.

Januwale, chipale chofewa chili waa pa mawindo,
nthawi itadutsa 2 koloko usiku,
kimbapu wanga atauma m'pepala lake,
ndinasungunula madzi aja kakhumi.
Mzere unati zii.
Kenako, tsika. Kwera. Tsika.
Masitepe awiri oyera, ngati odulidwa ndi lumo.
Ndinagwira pakamwa, kuopa kuidzidzimutsa.

Mphindi khumi ndi zinayi inatsegula ndi kutseka,
osadziwa kuti kunja kuli munthu akulira.

Ndiye inaponda sitepe yachitatu,
yapansi, imene sinali m'kope langa.
Ndinadikira. Ndinasintha madzi. Ndinadikiranso.
Sinabwerere.

Dokotala wa bambo anandijambulira pakapepala:
ina ikapindika molakwika imakopa inzake,
inzakeyo ina, mpaka mulu,
mwakachetechete, mwina zaka khumi ndi kuposa
dzanja lisanayambe kunjenjemera.
Zaka khumi!
Ndiye kuti pamene ankandisitira diresi
la tsiku lolandira digiri,
akuimba mluzu, nthunzi ili tolo,
mulu unali utayamba kale.

Ndinakwera basi yoyamba, mipando ikadali yozizira.
Ndinawapeza ali maso, pa tebulo la kukhitchini,
akulimbana ndi mpango wa m'thumba.
Ngodya inkathawa ngodya inzake.
Dzanja lamanja linkagogoda thabwa
ngati mlendo amene sakufuna kuchoka.

Ndinati, "Bambo, lero ndaiona ikupindika."
Anati, "Eun-sol, kolala yako."
Anandikokera pafupi, n'kuyamba kuiwongola,
chala chikuphonya, chikubwerera, chikuphonya.
Ndinaima chilili, ngati ulusi uja,
kulola kunjenjemera kwawo kudutse mwa ine.

Kachipangizo kathu sikachiritsa munthu.
Mwina patsogolo, ana a Tae-gon atamera imvi,
kadzamva sitepe yachitatu ija m'dontho la magazi
a wosita wina amene manja ake akadali ake.
Mwina ayi. Sabata yamawa ulusi uwu udzapsa
ndipo ndidzalemba makumi anayi ndi atatu.

Kolala inagona.
"Waonatu," anatero, "imafuna kuleza mtima,"
n'kubwerera ku mpango wawo.
Ndinateleka madzi a tiyi wa balere,
ndikumvetsera tebulo likugogoda kumbuyo kwanga,
ndipo, mwachizolowezi, ndinayamba kuwerenga.